Njati za Bambo Zikudikira Voti

Baghdad, pa 1 Juni

Mlongo wanga Dakhil,

Boma lalengeza kuti chisankho cha makhonsolo a m'zigawo chabwezera mphamvu m'manja mwa anthu. Lati bwanamkubwa wa chigawo chilichonse asankhidwa ndi makhansala a chigawo chomwecho, mwaufulu, popanda munthu wa ku Baghdad kuikapo dzanja. Wailesi yakanema ya m'chipinda muno yabwereza mawuwa kanayi chiyambire m'mawa, ndiye ndati ndiyambe ndi iwowo poti ndi aakulu kuposa ife.

Tsopano mtendere ukhale nanu nonse. Bambo ali bwanji, bondo lija likuwalola kutsikira ku ngalande? Nanga mlamu wanga ndi ana? Rusul wanga umuuze asasiye kuwerenga, mayeso sadziwa kuti mayi ake ndi khansala.

Atiika mu hotela ya m'mphepete mwa mtsinje wa Tigris, makhansala asanu ndi atatu a mbali yathu. Akuti tipumule mpaka pa 12, tsiku losankha bwanamkubwa. Mafoni anatolera m'thireyi ya tiyi titangotsika galimoto. Abu Sajjad, mkulu wa chipani uja anadzandipeza ku kiliniki ndikubaya ana katemera, ananyamula thireyiyo yekha, akumwetulira. Anati, "Mlongo wathu, foni imadwalitsa mutu." N'chifukwa chake ukuona pepala. Mayi amene amachapa zofunda kuno ndi wa kwathu konko, mwamuna wake amayendetsa minibasi ya kum'mwera kawiri pa sabata. Yankho uzipereka kwa iyeyo.

Anzanga kuno sakhulupirira ndikawauza kuti ndinapambana popanda nkhope. Ndimawafotokozera kuti lamulo limati mpando umodzi pa inayi iliyonse ukhale wa mkazi, chipani chinkasowa mkazi, ndipo pa zikwangwani tinaika chithunzi cha bambo, m'munsi n'kulemba kuti "Mwana wa Haji Lafta". Khansala mnzanga wa m'tauni, mayi wa mphete m'zala zonse, anandifunsa kuti, "Nanga bwanji sanabwere okha a Hajiwo? Mpandowu ndi wawotu." Ndinamuuza kuti a Haji ali ndi njati zoweta zoti amwetse, alibe nthawi yokhala mu hotela.

Uwauze bambo asade nkhawa. Ndinagwira nsalu yobiriwira pamaso pa mudzi wonse, n'kulumbira pa dzina la Abbas woyera uja kuti dzanja langa ndidzakwezera Mozan, wa chipani chathu, kuti akhale bwanamkubwa, poti ndiye analonjeza kutsegula geti la madzi a ngalande yathu. Sindinaiwale. Masamu ake ndi osavuta. M'khonsolo tilimo khumi ndi asanu. Asanu ndi awiri ndi a Ghanim, mwini minda ya mpunga kumtunda, amene abale ake ndiwo agwira makiyi a getilo. Asanu ndi awiri ena, kuwerengera Mozan mwini wake, ndi athu. Wotsalayo ndine.

Undilembere za madzi. Afika pati pa chipilala cha mlatho? Njati zikadali khumi ndi zisanu ndi zinayi? Kuno madzi amatuluka m'mpopi tsiku lonse, ndipo ndimachita manyazi kusamba.

Ndine mlongo wako,
Wasfiya

Umm Sbeita, pa 4 Juni

Mlongo wanga Wasfiya,

Mtendere ukhale nawe. Kalata yako tinailandira dzulo, ndawawerengera bambo kawiri. Zija za boma anati ndizidumphe. Tonse tili moyo. Rusul akuwerenga.

Wafunsa za madzi. Pa chipilala palibenso choyeza, madzi achoka pansi pa mlatho. Atsala ndi a m'dziwe la kuseri kwa manda, ndipo ndi mchere wokhawokha, ukalawa lilime limauma. Njati zikumwa poti zilibe kolowera. Ziwiri zafa sabata ino, zatsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zitatu maso ayera, zikuyenda n'kumagunda mpanda. Dzulo ina inatitimira m'matope mpaka m'mimba, tinaikoka ndi chingwe amuna asanu ndi mmodzi kuyambira m'mawa mpaka pemphero la masana. Mkaka ndiye usanene, mlamu wako watha masiku khumi osapita kumsika ndi geimar, zonona za mkaka wa njati zija. Bango lauma, tikuzidyetsa madeya a tirigu.

Mabanja anayi achoka kale ndi ziweto zawo. Amachoka osatsanzika, chifukwa nawonso analipo tsiku la lumbiro ndipo akuchita manyazi ndi bambo. Otsalawa amandinena pomwera tiyi. Wina anati, "Abwana mlongo wa khansala, mutiuzireko mayi atitumizire madzi a m'botolo a ku hotela, njati zanga zilaweko za ku Baghdad." Mnzake n'kuyankha kuti, "Musiyeni mwana wa Haji, pa 12 mlongo wake akubwera ndi mtsinje wonse m'chikwama." Amaseka, koma usadzinamize, maso onse ali pa iwe.

Amalume Rahi anabwera. Akuti kwawo ku mtsinje waukulu madzi akadalipo, ndipo khola la malemu agogo lili chabe. Lole yawo ili ndi mpata pa 10 pokha, ikhoza kuyenda maulendo atatu tsiku limenelo. Ikatero ipita kumpoto kukanyamula mavwende mpaka mwezi wamawa. Ine ndikufuna tikweze. Bambo akuti masiku awiri okha sangaphe njati, madzi akubwera pa 12. Ndinawauza kuti voti si madzi, ndipo ngakhale geti litatsegulidwa madzi amayenda masiku anayi kuti afike kuno. Anandigenda ndi nsapato.

Ukudziwa chiyani kumeneko? Tiuze zoona. Tikweze kapena tidikire?

Dakhil

Baghdad, pa 6 Juni

Dakhil, mtendere. Moni kwa bambo ndi nonse.

Ndikulemba choimirira. Mayi uja akundidikira ndi mtolo wa zofunda, ndipo alonda a pakhomo ayamba kupisa m'mitolo, ndiye sinditchula maina.

Lole ikabwera pa 10, kwezani njati zonse. Musadikire pa 12. Musandifunse chifukwa chake, ndidzafotokoza ndikapeza mpata. Uwagwire mwendo bambo ngati angavute. Kwezani.

Undiyankhe msanga kuti mwamva.

Wasfiya

Umm Sbeita, pa 9 Juni

Wasfiya, mtendere ukhale nawe.

Dzanja ndi langa, ine Dakhil, koma mawu ndi a bambo. Akhala pambali panga ndipo akuti ndikachotsa liwu limodzi adzadziwa.

Akuti: Mwana wanga, ndakumva. Ndine wosaphunzira, koma kuganiza sindinabwereke kwa munthu. Wotiuza kuti thawani ndiye kuti akudziwa kuti madzi sabwera. Madzi sabwera ngati dzanja lachisanu ndi chitatu silikwera. Dzanja limenelo ndi lako, unalemba wekha. Ndiye akupatsa chiyani kumeneko? Galimoto? Nyumba ya masitepe? Ukuti sutchula maina chifukwa dzina loti utchule ndi lako.

Akuti: Pa mitengo ya magetsi kuchokera pa mlatho mpaka kumsika pali nkhope yanga, osati yako. Anthu anavotera ndevu zanga. Nsalu yobiriwira ndinakaitenga ndine ku Karbala, kumanda a Abbas, ndipo ndinagwira mbali ina iwe utagwira mbali inayo. Ndikakweza njati mawa, voti isanachitike, mudzi wonse udzati nyumba ya Lafta inadziwiratu, inapulumutsa zake n'kusiya za anzake zife. Ndidzalowa bwanji pa maliro a munthu? Ndani adzalandire khofi m'manja mwanga?

Akuti: Njati zikhala pompano. Zikhala mboni zako. Tsiku lokweza dzanja ukumbukire kuti zili m'matope, zikukudikira. Ukasunga lumbiro Mulungu satitaya. Ukaliswa, Abbas safuna thandizo langa, akudziwa kumene uli.

Atha. Apita kukasamba kuti apemphere.

Izi tsopano ndi zanga, iwo sakudziwa. Ndawagwira mwendo, ndawapsompsona pamutu, mlamu wako walira mpaka mawu kutha. Zatsala khumi ndi zisanu. Ine sindikhulupirira kuti wagulitsa, koma unalemberanji mwachidule chonchi? Timizere tinayi, Wasfiya! Mapepala atha ku Baghdad? Ukanangonena chifukwa chake. Tsopano m'mutu mwawo mwalowa zoti njati zikachoka pano sipakhalanso chokukakamiza kukweza dzanja. Akuzisunga m'mcheremu ngati chingwe chokumangira iwe. Lole ikubwera mawa ndipo sindikudziwa kuti nditani.

Dakhil

Baghdad, pa 10 Juni

Mlongo wanga Dakhil,

Mtendere ukhale nanu. Bambo ali bwanji? Sindinalandire yankho kuchokera kwa iwe. Mayi uja akuti minibasi inafera panjira, ili kwa amakaniko. Lero ndi pa 10, ndipo chiyambire m'mawa ndikuwerenga maulendo a lole m'mutu, woyamba, wachiwiri. Ndikukhulupirira kuti mwakweza. Kalata ino ndaisokera m'mpendero wa chovala, ndiye ndinena zonse.

Tsiku lomwe ndinalandira kalata yako ya pa 4 ija, Abu Sajjad anandiitanira kodyera. Anandithirira tiyi yekha, n'kuikamo shuga yekha, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

Anati, "Make Rusul, inu ndi munthu wa sukulu. Chaka chamawa kuli chiyani?"

Ndinati, "Chilimwe china."

Anaseka. "Chisankho cha nyumba ya malamulo, mlongo wanga. Amene ali ndi bwanamkubwa ali ndi ntchito za boma, phula, mipando ya apolisi. Zimenezo ndiwo mavoti a chaka chamawa. Chipani cha Ghanim chikufuna chigawo chanuchi. N'kwawo kwa mtsogoleri wawo, sangaime pamaso pa anthu atachitaya. Ife tikufuna aphungu awo makumi atatu kuti munthu wathu akhale nduna yaikulu. Atisiyiranso zigawo ziwiri chapakati apa. Chimodzi kusinthana ndi ziwiri. Mukanakhala inu mukanakana?"

Ndinati, "Nanga geti?"

"Geti liti?"

Sankanamizira, Dakhil. Anali ataiwaladi. Ndinamukumbutsa kuti anaima pa mlatho wathu ndi mkuzamawu, mwala wa mchere uli m'manja. Anati, "Eya, eya, madzi aja. Tikatenga boma tidzatenganso unduna wa madzi, tidzakutsegulirani mageti khumi."

"Chaka chamawa."

"Mulungu akalola."

"Njati sizidziwa chaka chamawa, Abu Sajjad."

"Ndiye dziko lonseli tilisiye chifukwa cha ng'ombe zakuda za a Haji?"

Ndinamuuza kuti ndinalumbira pa Abbas. Nkhope inasintha pang'ono, nayenso ndi mwana wa kum'mwera. Anamwa tiyi, kenaka anati akudziwa shehe wa mabuku amene angandimasule ndikadyetsa osauka khumi. Ndinati osauka khumi ndili nawo kale kumudzi, vuto ndi lakuti ndi omwewo amene ndinawalumbirira.

Nditachoka apo ndinakagogoda kwa Mozan. Anayankhira kuseri kwa chitseko kuti akudwala m'mimba. Madzulo ake ndinamuona akudya nsomba yowotcha ndi anthu awiri a Ghanim, mimba ili bwinobwino.

Ine dzanja ndikweza monga ndinalumbirira. Chimene sindikudziwa n'chakuti tikhala angati. N'chifukwa chake ndinati kwezani. Undiuze kuti zili kwa amalume, Dakhil. Undiuze zokhazo.

Wasfiya

Baghdad, pa 13 Juni

Bambo anga, ndikupsompsona dzanja lanu. Mtendere ukhale nanu. Dakhil, uwawerengere zonse, usadumphe.

Kalata yanu ya pa 9 yandipeza lero m'mawa, voti itachitika dzulo. Ndaiwerenga kamodzi, kubwereza sindingathe.

Sitinabwerere kuchigawo kukavota. Anati kumeneko kulibe chitetezo, ndiye anangokankha matebulo m'chipinda cha maukwati cha hotela yomwe ino, maluwa apulasitiki a ukwati wa dzana akadali pakhoma. Anthu a Ghanim analowera khomo la kukhitchini. Tiyi amene anatipatsa polowa anali akadali wotentha pamene tinkatuluka.

Wapampando anafunsa ofuna Ghanim. Manja anakwera khumi ndi anayi. Loyamba kukwera linali la Mozan. Ndamva kuti chaka chamawa dzina lake likhala pamwamba pa mndandanda wa aphungu, abwera kudzakhala kuno ku Baghdad. Wapampando anayamba kutseka buku. Ndinati, "Simunafunse ofuna Mozan." Anayang'ana Abu Sajjad, Abu Sajjad anayang'ana kudenga, ndiye anafunsa. Ndinakweza dzanja, ndekha.

Mozan anati, "Make Rusul, tsitsani, mukundichititsa manyazi."

Ndinati, "Si lanu ili. Ndi la Haji Lafta."

Mayi wa mphete uja anaseka mpaka kutsokomola. Ndinalisiya m'mwamba mpaka mlembi atalemba kuti mmodzi.

Bambo, sanandipatse galimoto. Sanandipatse nyumba. Andibwezera foni yokha, ndipo ndaimbira Dakhil kasanu ndi kawiri, sikulowa. Akuti tichoka kuno tikajambulitsa ndi akuluakulu a chipani, tsiku lake sananene. Lumbiro ndasunga, mukhoza kufunsa aliyense amene anali m'chipindamo. Koma madzi sabwera. Ngati njati zikadali pamenepo, musadikirenso kalata, musadikirenso munthu. Zitulutseni ngakhale wapansi.

Dakhil, zatsala zingati?

Mwana wanu,
Wasfiya

Kwa amalume Rahi, pa 19 Juni

Wasfiya mlongo wanga,

Mtendere ukhale nawe. Makalata ako awiri afika pamodzi, anachita kutilondola mpaka kuno. Foni ndayatsa, ndaona kuti unaimba, koma izi sindingazinene pakamwa. Rusul ali bwino, ali ndi mlamu wako.

Lole inabwera pa 10 m'mawa monga analonjezera. Amalume anatsitsa matabwa okwererapo. Bambo anawapatsa khofi n'kuwauza kuti zikomo, voti ndi mkuja, tidikira. Amalume anati, "Alamu, amene akumwa mcherewo si inu, ndi njatizi." Anakhala mpaka masana akuwanyengerera. Ndinafika pomasula ziwiri ndekha, bambo anadzaima pakhomo la khola. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Pa 12 mudzi wonse unali pa wailesi yakanema ya pomwera tiyi. Anaonetsa Ghanim ndi Mozan akupsompsonana m'masaya. Anati manja khumi ndi anayi, limodzi lokana, dzina osatchula. Bambo anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Limodzilo ndi la mwana wanga." Palibe anatsutsa. Aliyense ankaganiza za khola lake.

Tinanyamuka wapansi pa 13 ndi khumi ndi ziwiri. Njati si nyama yoyenda pa phula mwezi uno. Tinkayenda m'mawa ndi madzulo, masana n'kumazithira madzi opempha m'midzi ya m'njira. Zakhungu zija zinagwa tsiku loyamba. Ina ndinaizinga m'mbali mwa msewu isanafe yokha, koma wogula nyama anaikana, anati ndi chikopa chokhachokha. Bambo anayenda njira yonse ndi bondo lawo lija, anakana kukwera ngolo.

Tinafika kuno pa 16. Zafika zisanu. Zitaona mtsinje zinathamanga, ndipo bambo anakhala pansi pa dothi n'kuphimba nkhope ndi mpango wawo. Chifikire sakulankhula zambiri. Makalata ako ndawawerengera osadumpha. Nditatha anangoti, "Ubwereze pa dzanja paja." Ndinabwereza. Akuti ubwere.

Ndine mlongo wako,
Dakhil

Chinanso. Dzulo ndinapita ku likulu la chigawo kukafuna mankhwala a maso, poti ziwiri mwa zisanuzi nazo zayamba kuyera. Pakhomo la khonsolo amata kalata yoika Ghanim pa ubwanamkubwa, ya chidindo chachikulu. Ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinapempha munthu wina wa magalasi kuti andiwerengere tsiku lake, ndimati mwina ndi maso anga. Inasainidwa ku Baghdad pa 9 Juni, masiku atatu voti isanachitike.